Bambo ali ndi shuga, medical aid tilibe

FUNSO

Adokotala,

Ndikulemba kuchokera ku Mufakose. Bambo anga ali ndi zaka 73. Anabadwira ku Mbare, makolo awo anachokera ku Dedza, ndipo anagwira ntchito m'mafakitale a ku Southerton mpaka ntchito inatha. Ali ndi shuga komanso BP. Kapenshoni kawo kamathera pa ufa ndi magetsi, ndiye mankhwala ndimagula ndine, ndi ndalama za tomato amene ndimagulitsa pamsewu. Mwezi ukavuta amadula mapiritsi pakati kuti akhalitse. Pano chala chachikulu chakuphazi chili ndi bala, latha milungu itatu osapola. Amalitsuka ndi madzi amchere n'kumanga kansalu. Titapita kuchipatala china anati tilipire kaye, ndipo wapawindo ataona chitupa chawo cholembedwa ALIEN anati zaulere si za alendo. Tinangobwerera. Ndamva pawailesi kuti boma likubweretsa inshuwalansi ya aliyense. Kodi tidikire imeneyo, kapena ndiwalowetse medical aid? Ndasowa pogwira.

Mwana wawo wamkazi, Mufakose

YANKHO

Mayi, pepani ndi zimene munakumana nazo. Za inshuwalansi tikamba, koma phazilo silingadikire. Shuga akakhalitsa m'thupi amapha mitsempha ya kumapazi ndi kuchepetsa magazi ofika kuzala, choncho bala limatha kudya mpaka fupa mwiniwake osamva kupweteka kwenikweni. Mawa m'mawa pitani nawo ku Mufakose Polyclinic kuti anesi aone balalo, ayeze shuga ndi BP, ndipo ngati pafunika akulembereni kalata yopitira ku Sally Mugabe Central Hospital, imene akuluakulu amaitchabe Gomo. Koma mukaona chala chikuda, chikununkha, chikutuluka mafinya, phazi latupa kapena thupi latentha, musagone nawo pakhomo. Pitani ku casualty usiku womwewo. Asamaviike phazi m'madzi otentha, asamapakepo phulusa kapena mankhwala azitsamba, ndipo asamayende opanda nsapato ngakhale m'nyumba.

Mawu a wapawindo uja andipweteka, chifukwa si zimene lamulo limanena. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013, gawo 76, amati nzika iliyonse komanso aliyense wololedwa kukhazikika m'dziko muno ali ndi ufulu wolandira chithandizo choyambirira chakuchipatala. Gawo lomwelo limatchula padera anthu odwala matenda a mgonagona, ndipo shuga ndi BP ndi omwewo. Limatinso munthu asakanizidwe chithandizo chadzidzidzi pachipatala chilichonse, ndipo apa silifunsa za chitupa. Gawo 82 limawonjezera kuti anthu opitirira zaka 70 ayenera kulandira chithandizo chamankhwala kuchokera ku boma. N'zoona kuti malamulowa amati boma lichite izi molingana ndi chuma chimene lili nacho, n'chifukwa chake mumapeza mashelefu a mankhwala ali mbee. Koma kusowa kwa mankhwala ndi nkhani ina, kubweza nkhalamba pakhomo ndi nkhani inanso.

Komanso bambo anu si mlendo. Gawo 43 limati munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowa asanayambe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la m'chigawo cha SADC monga Malawi, Mozambique kapena Zambia, ndipo mu 2013 ankakhala m'dziko muno, ndi nzika yobadwa nayo. Ku Mufakose, Mbare, Highfield ndi Dzivarasekwa kuli agogo ambiri amene akusungabe zitupa zachitsulo za ALIEN chifukwa palibe anawauza. Phazi likayamba kupola, tengani chitupacho ndi kalata yawo yobadwira mupite ku ofesi ya Civil Registry, monga ya ku Makombe Building m'tauni, akasinthe.

Pa zolipira, ndondomeko ya unduna wa zaumoyo ndi yakuti ana osafika zaka zisanu, amayi oyembekezera ndi okalamba opitirira zaka 65 asamalipire ndalama yoonera dokotala m'zipatala za boma. Makiliniki a khonsolo ya Harare amayendera mitengo yawoyawo, ndiye musathere pawindo. Pemphani mwaulemu kuonana ndi sister wamkulu, muwauze zaka za bambo ndi mmene zinthu zilili kunyumba.

Pali pepala lina limene mabanja ambiri salidziwa, lotchedwa AMTO, Assisted Medical Treatment Order. Limaperekedwa ndi a Social Development, amene ambirife timangoti a Social Welfare, kwa anthu amene sangathe kulipira. Mumapita ku ofesi yawo ndi chitupa ndi makhadi akuchipatala, wogwira ntchito amakufunsani za pakhomo, za amene amapeza ndalama ndi amene akudalira inu, ndipo akakhutira amalemba kuti boma ndilo lidzalipira chipatala. Limagwira m'zipatala za boma, osati kwa dokotala wapulayiveti kapena ku famase ya pashopu. Boma limachedwa kubweza ndalamazi kuzipatala, choncho nthawi zina amalilandira monyinyirika, komabe kwa bambo ngati anu ndilo chinthu chapafupi kwambiri ndi inshuwalansi. Ku zipatala za Sally Mugabe ndi Parirenyatwa kulinso ma social worker a pachipatala pomwepo. Akawagoneka, afunseni tsiku loyamba, bilu isanakule.

Medical aid sindikukulangizani panopa. Mu Zimbabwe anthu amene ali nayo ndi pafupifupi mmodzi mwa khumi, ambiri a iwo apantchito zolembedwa: a boma ku PSMAS, ena ku Cimas kapena First Mutual. Munthu wolowa atakalamba amalipira zokwera, ndipo matenda amene walowa nawo kale amaikidwa pa nthawi yodikira, miyezi ingapo mukupereka ndalama koma osathandizidwa pa matendawo. Pamwamba pake pamakhala shortfall, ndalama yowonjezera kuchokera m'thumba. Ndalama ya medical aid imeneyo ndi bwino igule mapiritsi a mwezi wathunthu.

Inshuwalansi ya boma yakhala ikukambidwa kwa zaka zambiri, ndipo nduna ya zaumoyo, a Douglas Mombeshora, ananena kuti ndalama zake zidzachokera ku misonkho. Ine ndikuifuna ndi mtima wonse, chifukwa ndaona miyendo yodulidwa imene ikanapulumuka ndi mankhwala a madola ochepa. Koma bala la milungu itatu silingadikire lamulo. Ndipo musadzione ngati wopemphetsa. Kuyambira mu 2017 pa airtime iliyonse imene mumagula pamachoka 5 peresenti yopita ku thumba la zaumoyo, mu 2024 boma linaikanso msonkho pa shuga wa m'zakumwa, ndipo ogwira ntchito akhala akudulidwa AIDS levy ya 3 peresenti ya msonkho wawo kuyambira mu 2000. Inuyo mumasonkha kale.

Kudula mapiritsi aleke lero. Theka la piritsi silitsitsa shuga mokwanira, ndipo BP yosagwiridwa bwino imabweretsa sitiroko ndi kuwononga impso. Pemphani kuti pakhadi alembe dzina lenileni la mankhwala, monga metformin kapena amlodipine, osati dzina la kampani, kenako funsani mitengo m'mafamase awiri kapena atatu, chifukwa imasiyana kwambiri. Mankhwala a m'thumba la munthu pamsika kapena pamalo okwerera makombi musagule. Ngati muli pa mukando (chipereganyu) ndi amayi anzanu apamsika, kapena banja limasonkha ya maliro mwezi ndi mwezi, khalani pansi ndi abale anu, ngakhale amene ali ku Joni, mugwirizane kandalama kokhazikika ka mankhwala a bambo, kazifika mwezi usanathe. Inunso mukapita nawo kukiliniki muyezetse shuga ndi BP, chifukwa matenda awiriwa amayenda m'banja.

Dokotala