Limba Lopukusa ndi Oyimba a M'misewu

M'chimangirizo chino ndikuunika funso limodzi: kodi munthu woyimba pamsewu n'kumalandira makobidi ali pantchito kapena akupemphetsa? Mkanganowu sunayambe ndi ife.

M'zaka za m'ma 1800, m'misewu ya London munkayenda anthu ambiri, makamaka ochokera ku Italy, atanyamula limba lopukusa. M'kati mwa bokosi lake munali chipika chobulungira ngati mtondo wogoneka, chokhomedwa timisomali tambirimbiri. Munthu akamapukusa chigwiriro, mvukuto unkapopa mpweya, chipika n'kumazungulira, timisomali tija n'kumatsegula zitoliro motsatana. Nyimbo inali yokhomeratu pachipikapo, moti wopukusayo sakanatha kuisintha ngakhale pang'ono. Ambiri ankachita kubwereka malimbawo, ndipo ena ankayenda ndi pusi wotolera ndalama m'kapu.

Katswiri wa masamu Charles Babbage anadana nalo kwambiri phokosoli, ndipo mu 1864 Nyumba ya Malamulo ya ku Britain inalimbitsa mphamvu za eninyumba zopirikitsa oyimba pakhomo pawo. Ku New York, meya Fiorello La Guardia analetsa malimbawa m'ma 1930, powaona ngati njira yopemphetsera.

Kuno kwathu limba tinalidziwira m'tchalitchi. Chopukusa chomwe agogo athu ku Ntcheu amakumbukira ndi galamafoni yobwera ndi matchona a ku Joni ndi ku Halale. Apa chiyankhulo chathu chikutithandiza: galamafoni inkalira, koma banjo munthu amachita kuyimba. Mneni woti "kupukusa" akunena za dzanja lokha, pamene "kuyimba" akuphatikiza zala, mawu ndi nzeru.

Woyimba wa pamsewu wa kuno banjo amakhoma yekha, ndi chigubu cha mafuta ndi mawaya a mabuleki a njinga, ndipo nyimbo amapeka yekha. Mu 1967 Gerhard Kubik wa ku Austria anapeza Daniel ndi Donald Kachamba akuyimba m'misewu ya Blantyre; patapita zaka zochepa anali akuyimba ku Ulaya. Madalitso Band, ndi babatoni wawo wa chingwe chimodzi, anayambira m'misewu ya Lilongwe asanakafike pa Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017. Ine ndikuona kuti kutchula anthu oterewa opemphetsa ndi chipongwe, ngakhale mbale yoponyamo ndalama ili pamapazi awo. Chodabwitsa n'chakuti timayamba kuwatchula akatswiri pokhapokha alendo akawaombera m'manja.

Mdzukulu weniweni wa limba lopukusa m'misika ngati ya Lizulu ndi Tsangano ndi chimkuzamawu cha pashopu yokopera nyimbo m'mafoni, chomwe chimabwereza zokhomeratu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Babbage ankadandaula kuti phokoso likumulepheretsa kuwerengera masamu. Kuno wodandaula ndi wa banjo, yemwe amayenera kusuntha n'kukakhala kuseri kwa ogulitsa mbatata ndi kabichi kuti mawu ake amveke.