Mapiritsi a khunyu omwa usiku

Munthu wodwala khunyu akapita ku chipatala cha boma ku Karonga, ku Chilumba kapena ku Kaporo, nthawi zambiri amabwerako ndi timapiritsi totchedwa phenobarbitone. Ndi mankhwala akalekale. Mu 1912, dokotala wa ku Germany, Alfred Hauptmann, ankawapereka kwa odwala khunyu kuti azigona usiku, ndipo anaona kuti odwalawo asiya kugwa pafupipafupi.

Khunyu imayambira mu ubongo. Ubongo umatumiza mauthenga m'thupi ndi timphamvu ta magetsi. Timphamvuti tikabuka tambiri nthawi imodzi, munthu amagwa, kuuma, kenako kuphiriphitha, mwina thovu lili kukamwa. Mu ubongo momwemo muli mankhwala achilengedwe otchedwa GABA amene amachepetsa liwiro la mauthengawa, ngati buleki ya wakabaza pamtsetse. Phenobarbitone amathandiza buleki imeneyi kugwira nthawi yaitali.

Koma bulekiyi imagwira ubongo wonse. N'chifukwa chake womwa amamva tulo, makamaka masabata oyamba, ndipo achipatala amati muzimwa pogona. Kamodzi patsiku n'kokwanira, poti mankhwalawa amakhala m'magazi masiku angapo. Ana ena tulo sitiwapeza, amangolongolola ndi kusakhazikika. Zikatero, kauzeni adokotala.

Ambiri amapunthwa apa. Munthu akatha miyezi osagwa amati wachira, n'kusiya kumwa. Komatu mankhwalawa amangoletsa kugwa, matenda alipobe. Kusiya mwadzidzidzi kumadzutsa khunyu yotsatizana, yosapatsa mpata wotsitsimuka, ndipo imeneyo imapha. Katengeni mapiritsi ena akale asanathe, ngakhale mvula itavuta. Mowa nawo ayi: ukakumana ndi phenobarbitone, tulo timakula ndipo kupuma kumafooka. Msodzi amene akugwabe asapalase bwato yekha pa nyanja, ndipo mayi asaphike yekha pamoto.

Amayi, mverani izi. Phenobarbitone amafulumizitsa chiwindi kuchotsa mankhwala ena m'thupi, choncho mapiritsi olera ndi kachipangizo kolera koika pamkono zimachepa mphamvu. Ma ARV ena nawonso amachepa mphamvu. Nenani zonse zimene mukumwa. Woyembekezera asasiye yekha, ayambe wakambirana ndi achipatala.

Aliponso phenobarbitone wa jakisoni. Ameneyu amabayidwa kuchipatala kokha, kwa khanda lokomoka, kapena kwa mwana wa malungo aakulu amene mankhwala a diazepam alephera kumuletsa kuphiriphitha.

Tikambirane: kwanuko, anthu amatani munthu akagwa khunyu? Nanga mungamuuze chiyani m'bale amene akuti wachira ndipo akufuna kusiya mapiritsi?