Kulangiza Pulogalamu Yojambula Zithunzi

Springburn ndi dera la kumpoto kwa mzinda wa Glasgow ku Scotland. Kale linkatchuka ndi mafakitale opanga mitu ya sitima zapamtunda zoyendera nthunzi. Kampani ya North British Locomotive, yomwe inakhazikitsidwa mu 1903, inkatumiza mitu ya sitimayi m'maiko ambiri, kuphatikizapo a mu Africa, kufikira pamene inatsekedwa mu 1962.

Tayerekezani mayi wochokera ku Malawi, wokhala m'derali, akukonza phwando lokumbukira tsiku lobadwa la mwana wake wokonda sitima. Akufuna khadi loitanira alendo, chithunzi chopachika pakhoma ndi china choika pakeke. Akulamula pulogalamu ya AI kuti: "Jambula mwana ndi sitima." Chithunzi choyamba chikutuluka ndi sitima yofiira, chachiwiri yobiriwira, ndipo m'chachitatu mwanayo wasanduka mzungu watsitsi lagolide.

Vuto lagona pati? Pulogalamu yotere sijambula monga munthu amene wagwira chithunzi m'mutu. Imayamba ndi timadontho tosokonekera, ngati mchenga womwazika, n'kumatikonza pang'onopang'ono motsatira mawu amene yapatsidwa. Chilichonse chimene mawuwo sanatchule imachidzaza yokha, potengera zithunzi zochuluka zimene inaphunzirapo. N'chifukwa chake khungu la mwana wakuda likapanda kutchulidwa, kawirikawiri limasowa.

Choncho mayiyu ayenera kulemba kaye ndime imodzi yolongosola zonse: mutu wa sitima wobiriwira, wa magudumu asanu ndi limodzi ndi chumuni yakuda, mnyamata wazaka zisanu wakhungu lakuda, watsitsi lalifupi, wovala malaya achitenje, zojambula zooneka ngati za m'buku la ana. Ndimeyi aziibwereza osasinthamo liwu, n'kumangowonjezera chochitika chatsopano kumapeto kwake. Chithunzi chikamusangalatsa, achiperekenso kwa pulogalamuyo monga chitsanzo. Midjourney inayambitsa njira yotere yosungira maonekedwe a munthu wojambulidwa mu 2024. Chitsanzocho chikhale chojambula, osati chithunzi chenicheni cha mwana, pakuti chimene chatumizidwa pa intaneti n'chovuta kuchibweza.

Dzina ndi tsiku la phwando azilembe yekha. Anthu a ku Glasgow akukumbukira za mu February 2024, pamene chionetsero cha ana chotchedwa Willy's Chocolate Experience chinatsatsidwa ndi zithunzi za AI zokhala ndi mawu opanda tanthauzo. Makolo analipira mpaka mapaundi 35 pa tikiti, koma ku Whiteinch anakapeza chinyumba chosungiramo katundu chili pafupifupi mbee. Ana ena analira, ndipo apolisi anaitanidwa.

Mafunso

1. N'chifukwa chiyani sitima ya mayi uja inkasintha mtundu?
2. Lembani ndime yolongosola nyama imodzi ya m'nthano, monga Kalulu. Muwerengereni mnzanu kuti aijambule kawiri, kenako yerekezani zithunzi ziwirizo.