Kusiya kandege kophunzirira n'kutenga kaliwiro

Kuno kuchigwa cha Shire anthu anasiya kudabwa akaona ndege yopanda munthu ikudutsa m'mwamba. Madroni a Swoop Aero ankanyamula mankhwala pakati pa zipatala za ku Chikwawa ndi Nsanje, ndipo kuyambira mu 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy, yomwe UNICEF inakhazikitsa mothandizana ndi yunivesite ya Virginia Tech, yakhala ikuphunzitsa achinyamata kupanga ndi kuulutsa tindege. Choncho ngati inu wa kwa Kasisi mwatopa ndi kandege kanu ka rimoti koyenda mwaulesi ndipo mukukhumbira kothamanga, sizachilendo. Koma dziwani kuti kandege kaliwiro sikaphwanyika kawirikawiri kali pa liwiro. Kamaphwanyika mukamakachepetsa liwiro kuti katere.

Kophunzirira kaja kamakubisirani zolakwa zambiri. Mapiko ake ali pamwamba pa thupi, ndi aakulu, athyathyathya kunsi, ndipo anapendekekera m'mwamba pang'ono. Mukasokonezeka n'kusiya timitengo ta rimoti, kamadziwongola kokha. Kaliwiro mapiko ali mmunsi ndipo ndi aang'ono poyerekeza ndi kulemera kwake. Mukakapendeketsa kamakhala chipendekekere mpaka mutakabweza nokha. Zili ngati munthu wa kabaza wa njinga yakapalasa amene wakwera yamoto: msewu ndi womwewo, koma nthawi yoganiza yachepa.

Choyamba, musathamangire kugula. Tengani kakale komweko mudziyese. Kodi mungakatereze pamalo amene mwasankha, kasanu motsatizana? Nanga mphepo ikamawomba cham'mbali? Zimitsani mota kali m'mwamba, mukabweretse pansi bwinobwino. Kaulutseni kakubwera kumene mwaima, pamene kumanja kumasanduka kumanzere, osayamba mwaganiza. Ngati kanu n'ka matchanelo atatu, kopanda ma aileron, timapiko ta m'mphepete timene timapendeketsa ndege, yambani mwaphunzira pa ka matchanelo anayi. Pulogalamu yoyeserera pa kompyuta imathandiza, ndipo kandege kakagwa simulipira kanthu.

Posankha katsopano, pewani tindege tokhala ngati jeti kapena tofanizira ndege zankhondo, ngakhale n'tokongola. Tengani ka mapiko a mmunsi koma otakasuka, ka thovu lolimba loti likathyoka mumata ndi guluu. Zipangizo zambiri zimachokera kunja ndipo zimachedwa, ndiye itanitsiranitu mapulopela owonjezera.

Kakafika, khalani pansi ndi nkhani ya kulemera. Buku lake limasonyeza malo amene kulemera kwa kutsogolo ndi kwa kumbuyo kuyenera kufanana, nthawi zambiri pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena atatu a mulifupi mwa phiko kuchokera kutsogolo. Lowetsani batire, mukakweze ndi zala ziwiri pamalo amenewo. Mphuno ikaweramira pansi pang'ono, zili bwino. Mchira ukalemera, sunthirani batire kutsogolo ndipo musauluke mpaka zitakhala bwino, chifukwa kandege kolemera kumchira sikamvera munthu. Pa rimoti chepetsani kayendedwe ka ziwongolero ndi dual rate, muikenso expo wa 30 peresenti kapena pafupi pamenepo, kuti chala chikanjenjemera kandege kasadumphe. Kenako imani kumbuyo kwake, mukankhire kamtengo ka ma aileron kumanja: aileron ya kumanja ikwere, ya kumanzere itsike. Zikatembenuka, kagwa kasanathe n'komwe masekondi asanu.

Za malo ndi nthawi, kuno kwathu zili ndi zake. Bwalo la mpira limene linkakukwanirani likhoza kuchepa, pakuti kaliwiro kamafuna mtunda wautali potera. Funani malo opanda mitengo, kutali ndi nyumba, ng'ombe ndi mawaya a magetsi ochokera ku Kapichira. Dziwitsani amfumu ndi eni malo, musaulutse pamwamba pa nkhalango yosungira nyama ya Majete, ndipo funsani kwa oyang'anira za ndege m'dziko muno zomwe malamulo akufuna. Ana adzabwera ndithu, ambirimbiri; pezani mnzanu wowaimitsa kumbuyo kwanu. Pitani m'mamawa. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumafika madigiri 40, mpweya wotentha umapepuka moti mapiko sagwira bwino, ndipo masana akamvuluvulu amadzuka mosayembekezeka. Mabatire a LiPo nawo amadana ndi dzuwa: asungeni pamthunzi, adikireni azizire musanatchaje, ndipo lotupa musaligwiritsenso ntchito. Selo iliyonse imadzaza pa mavolti 4.2, yosunga masiku ikhale pa 3.8.

Pa ulendo woyamba nyamukani moyang'anizana ndi mphepo, mukwere pamwamba ndithu, kenako mubweze mota pakati. Konzani trim mpaka kaziyenda mowongoka popanda kukagwira. Muli pamwamba pomwepo, chepetsani mota pang'onopang'ono uku mukukweza mphuno, muone mmene kamachitira liwiro likatha. Kambiri kamagwetsa phiko limodzi mwadzidzidzi n'kuyamba kuzungulira. Mankhwala ake n'kusiya kukoka kamtengo, kulola mphuno itsike, kuwonjezera mota, kenako n'kuwongola. Bwerezani mpaka maso anu atadziwa liwiro limene kamayambira kugwa.

Musadikire batire kutha. Ikani alamu pa mphindi zinayi, ndipo yambani kuyeseza kutera mphamvu zikadalipo. Dutsani kawiri kapena katatu pamwamba pa bwalo osagunda pansi. Pokhota komaliza khotani motakasa, osakoka kwambiri, popeza apa ndi pamene ambiri amataya kandege. Bwerani ndi mota woyaka pang'ono, muuzimitse matayala atatsala pang'ono kukhudza dothi. Mukaona kuti mwabwera pamwamba kwambiri kapena mwaphonya mzere, musakakamize: onjezerani mota mosafulumira, mukwere, muzungulirenso. Mukatera, chotsani batire, pukutani fumbi pa mota, ndipo gwedezani chiwongolero chilichonse ndi chala kuona ngati china chakhwefuka.