Nkhadze ilibe masamba, nanga imadya bwanji?



Mu phunziro la mwezi uno tione chomera chimene tonse timachidziwa: nkhadze, ija timachingira makola ndi minda. M'kalasi ya Biology timaphunzira kuti chakudya cha chomera chimapangidwa m'masamba. Koma nkhadze ndi timitengo tobiriwira tokhatokha. Timasamba take ndi tating'ono kwambiri ndipo sitichedwa kuthothoka. Komabe mu Okutobala, udzu utauma kalekale, iyo imakhala ili biriwiri.

Tiyambe ndi vuto limene chomera chilichonse chili nalo. Kuti chipange shuga pa ntchito ija ya photosynthesis, chimafuna kuwala kwa dzuwa, madzi ndi mpweya wa carbon dioxide. Mpweyawu umalowa pa timabowo tosaoneka ndi maso totchedwa stomata. Tsono khomo limene mlendo akulowera ndi lomwelo nkhuku zikutulukira: timabowo tikatseguka masana, madzi amathawa ngati nthunzi. Nyemba kapena mpunga zimataya madzi pafupifupi magalamu 500 kuti zikole galamu imodzi ya carbon dioxide. Chimanga chimataya pafupifupi theka la amenewo.

Zomera za m'malo ouma Allah anazipatsa njira ziwiri. Yoyamba ndi kusiya masamba. Chlorophyll, chobiriwira chimene chimakola kuwala, chimakhala mu tsinde momwemo, ndipo tsinde limagwira ntchito ya tsamba. Khungu lake ndi lochindikala, lokutidwa ndi phula, ndipo m'kati mwake mumasungidwa madzi. Zomera za cactus za m'zipululu za Mexico ndi Arizona zinafika posandutsa masamba kukhala minga. Mlambe wa ku Chikwawa ndi ku Mangochi umayoyola masamba m'chilimwe, madzi n'kusunga mu thunthu, ndipo mukakanda pang'ono khungwa lake mupeza chobiriwira kunsi kwake.

Njira yachiwiri ndi kusintha nthawi. Tsinde la nkhadze limatsegula timabowo usiku, kunja kukuzizira, pamene madzi sathawa msanga. Mpweya umene lakola limausunga ngati asidi wotchedwa malic acid. Kukacha limatseka timabowo, n'kumasula mpweya uja m'kati momwemo, dzuwa n'kumaliza ntchito. Akatswiri amaitcha njirayi CAM. Cha m'ma 1810, Benjamin Heyne, ali ku India, anaona kuti masamba a chomera china amawawasa m'mawa koma masana kuwawasako kumatha. Asidi uja ndiye anali kutha. Zomera zotere zimataya madzi pafupifupi magalamu 50 okha pa galamu ya carbon dioxide.

Sitifunika kupita kuchipululu kuti tione zimenezi. Chinanazi chimene Mulanje imatchuka nacho, chomwe timagula pa msika wa Limbuli, chimatsata njira yomweyi m'masamba ake okhuthala aja. Khonje nayenso ndi chimodzimodzi. Koma kusamala kumeneku kuli ndi mtengo wake: chomera chimakula pang'onopang'ono. Chimanga timakolola patatha miyezi inayi, pamene chinanazi timadikira chaka ndi theka kapena kuposerapo.

Qur'an yolemekezeka imatiitana kawirikawiri kuti tilingalire za madzi otsika kumwamba ndi zomera zimene amameretsa, ndipo imaletsa israaf, kuononga. Kwathu kuno mvula imagwa yambiri ndipo mitsinje ya Muloza ndi Ruo ili pafupi, choncho n'kosavuta kuiwala mtengo wa madzi. Koma mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Amayi ndi alongo athu amene amalawirira ku mjigo m'chilimwe amadziwa kulemera kwa chidebe chilichonse.

Bukhari ndi Muslim anasimba kuchokera kwa Anas (Allah asangalale naye) kuti Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) ankachita wudhu ndi madzi a muyezo wa mudd, umene sukwana lita imodzi. Ife timatsegula mpopi wa pamzikiti, madzi n'kumangotayika tikukwinya malaya.

Ntchito ya sabata ino ili pawiri. Choyamba, m'mawa mangani jumbo yoonekera m'kati pa masamba a mango, ina pa tsamba la chinanazi, ndipo nthawi ya Asr mufanizire madontho amene asonkhana. Musayesere pa nkhadze, utomoni wake umaotcha khungu ndipo ndi woopsa m'maso. Chachiwiri, chitani wudhu ndi botolo la lita imodzi, mulembe madzi amene atsala, mubwere nazo m'kalasi Lachinayi, insha Allah.