Katemera wa chitopa: mukasungunula, musasunge

Kwa oweta nkhuku m'dera la Maganga

Katemera wa La Sota amabwera wouma, kaufa kogwirana pansi pa kabotolo kagalasi. Kaufako ndi kachilombo ka chitopa kofooka koma kamoyo, kamene anakaumitsa m'chisanu chachikulu kuti kagone. Kakafa, katemera watha ntchito, ngakhale maonekedwe asasinthe.

Pogula

Gulani kokha kumene akumutulutsa m'furiji inu mukuona. Amafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8. Onani tsiku lothera mphamvu. Kuchokera ku Salima boma kufika ku Senga Bay ndi makilomita pafupifupi 20, ndipo dzuwa la Okutobala mukulidziwa. M'thumba la malaya ayi! Tengani fulasiki yokhala ndi ayisi, yemwe uja amasungira nsomba.

Posungunula

Madzi a pamjigo, osathira klorini. Chiyambire kolera wa 2022 ambiri tinazolowera kuthira mankhwala m'ndowa, ndipo n'zoyenera pa madzi akumwa anthu, koma klorini yemweyo amapha katemera. Beseni likhale lapulasitiki, lopanda fungo la sopo. Nkhuku zimaneni madzi kwa ola limodzi kapena awiri, kenako muzipatse katemerayo m'mamawa, pamthunzi.

Vuto lenileni

Apa ndi pamene alimi mukutayira nkhuku. Mwasungunula, nkhuku zamwa, ndiye otsalawo mwathira m'botolo la Fanta n'kutsomeka kudenga kapena kuseri kwa mtsuko, ati ndidzamwetsanso mwezi wamawa. Ena mukugawira achibale a ku Lifuwu patapita masiku atatu. Ena mpaka kugulitsa pa kapu. Lekani!

Katemera akangokhudza madzi, kachilombo kaja kadzuka ndipo kayamba kufa. Pakatha maola awiri, m'botolo muja mwatsala madzi chabe. Furiji singamubwezeretse, nanji denga la malata masana. Choopsa n'chakuti nkhuku yomwa madzi oterewa mumaiwerengera kuti yatetezedwa. Mumasiya kusamala, mumagula tambala pamsika n'kumuponya m'khola tsiku lomwelo. Chitopa chikabwera, nkhuku zikuwodzera, mapiko pansi, chitosi chobiriwira, khosi lopindika, mumati katemera ndi wabodza. Mawu amenewa amafala m'mudzi, ndipo chaka chotsatira anthu amakana ngakhale katemera wabwino. Talankhula izi pamisonkhano mpaka mawu kusasa.

Mukuti n'kuwononga ndalama kutaya wotsala, poti kabotolo kena ndi ka nkhuku 1,000 pamene inu muli ndi khumi. N'zoona. Ndiye sonkhanani mabanja a mudzi umodzi kudzera kwa a mfumu, musonkhe ndalama, mugwirizane tsiku, mutemere m'mawa umodzi. Wotsala thirani m'chimbudzi, kabotolo mukwirire mwakuya.

Nkhuku yodwala kale musaipatse; katemera sachiza. Bwerezani pakatha miyezi itatu iliyonse. Za katemera wa I-2, wodontheza m'diso, funsani alangizi a ziweto, chifukwa kasungidwe kake n'kosiyana.