Phunziro: Kuonetseratu Mapepala a Ofuna Ukhansala

Awerengi athu a ku Kasinje ndi m'chigwa chonse cha Bwanje, lero tiphunzire za chinthu chooneka chaching'ono, koma chimene chingagwetse munthu chisankho chisanafike. Tikunena za mapepala amene wofuna ukhansala amapereka ku bungwe loyendetsa zisankho la MEC.

Kumbukirani poyamba kuti makhansala ndi a mtengo wapatali. Atatha nthawi yao aja osankhidwa m'chaka cha 2000, dziko lino linakhala lopanda khansala kuyambira 2005 kufikira 2014. Zaka zonsezo, wa ku Kasinje wodandaula za mjigo kapena mlatho analibe womulankhulira pa khonsolo ya Ntcheu, kupatula mfumu ndi phungu.

Kodi mapepalawo afuna chiyani? Lamulo liti wopikisana akhale wa zaka 21 kapena kuposapo, wolembetsa m'kaundula wa oponya voti, ndiponso wodziwa kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutsata zokambirana za khonsolo. Alumbire pamaso pa majisitireti kapena wina wololedwa kulumbiritsa. Alipire ndalama ku banki ndi kusunga risiti; pa chisankho cha pa 16 September 2025 mwamuna ankalipira K200,000 ndipo mkazi K100,000. Pamwamba pa izi, anthu 10 olembetsa m'wadi momwemo asaine kuti akumuvomereza.

Apa pa anthu 10 ndi pamene pali msampha, tsono tiimepo pang'ono. Tiyerekeze kuti bambo wina wa pa msika wa Kasinje atenga pepala tsiku la msika, napempha abwenzi ake asaine. Onse asaina ndi mtima woyera. Koma mmodzi ndi mkamwini amene analembetsa kwao, m'wadi ina. Winanso walemba dzina lodziwika nalo pamudzi, losiyana ndi la pa chiphaso chake cha unzika. Pamenepo otsala ndi 8 okha, ndipo pepala lija silikwanira. Palibe wanama, palibe waba. Komabe lamulo siliwerenga mtima, liwerenga maina.

Nchifukwa chake MEC imalola kuti munthu akaonetseretu mapepala ake kwa woyang'anira chisankho m'dera lake tsiku lowapereka lisanafike. Mkuluyo amafananitsa maina ndi kaundula, amaona risiti ndi lumbiro, namuuza mwini wake pamene palakwika. Zindikirani bwino: kuonetseratu sikuli kupereka. Munthu ayenera kubweranso pa masiku oikika, amene mu 2025 anali m'mwezi wa July, nadzapereka mapepala mwalamulo. Sikulinso kuvomerezedwa, pakuti mawu otsiriza ali ndi MEC.

Ngakhale pa tsiku lopereka, cholakwa chikapezeka mwini wake angathe kuchikonza, malinga nthawi yolandira isanathe. Koma taganizani nokha: munthu wafika madzulo a tsiku lomaliza, ndipo amuuza kuti akapeze wosaina wina kumudzi, ulendo wa panjinga. Adzabwera chitseko chitatsekedwa.

Ife tiona kuti oima paokha ndiwo afunika kusamala koposa, popeza alibe mlembi wa chipani wowaunikira. Amenewa afunse wosaina aliyense kuti aonetse chiphaso chake cholembetsera, ndipo akonzeretu anthu ena awiri kapena atatu a m'wadi momwemo, oti angalowe m'malo dzina lina likakanidwa.